Nthabwala ziwiri pa chinkhoswe cha ku Namwera

Pa chinkhoswe china ku Namwera anyamata awiri anapatsidwa maiki kuti asangalatse anthu. Woyamba anayamba kutengera kayendedwe ka munthu wotsimphina, kenako chibwibwi. Anthu anaseka ndithu. Koma kumbuyo kunali bambo wina woyendera ndodo amene anangozyolika, mpaka mkazi wake anawanong'oneza kuti, "Abambo, tiyeni tizipita."

Wachiwiri anatengera wa kabaza amene amakweza mtengo akaona suti, ndi mayi wogulitsa chambo pamsika wa Mangochi wolumbira kuti nsomba yadzana yangovuulidwa kumene. Anthu anagwira nthiti, a kabaza omwe analipo nawonso.

Ine ndili mbali ya wachiwiriyu. Wa kabaza akhoza kusintha khalidwe mawa, akhozanso kubwezera nthabwala pomwepo. Ulumali munthu sasankha, paja lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza. Ena amati n'zocheza chabe, koma kuyambira 2014 anthu achialubino akhala akuphedwa m'dziko muno, pomwe ena akuwaitana kuti "makobidi" uku akuseka. Lamulo la 2012 loteteza anthu aulumali linaletsa tsankho, koma pa chinkhoswe paja palibe amene analanda maiki.