Ndemanga ya tikiti ya ndime yotsiriza ya All-Ireland pa bwalo la Croke Park

Ndakhala ku Tralee, m'chigawo cha Kerry ku Ireland, kwa zaka zinayi, koma ndinalowa koyamba m'bwalo la Croke Park ku Dublin pa 27 July 2025, tsiku limene timu ya Kerry inkalimbirana chikho cha Sam Maguire ndi ya Donegal pa ndime yotsiriza ya All-Ireland, mpikisano wa zigawo pa mpira wachikhalidwe wa ku Ireland wotchedwa Gaelic football. Tikiti yanga inali ya mpando wa ku Cusack Stand ndipo ndinalipira mayuro 100. Ndalamazi ndinazitulutsa mtima ukuwawa, koma nditaona zimene ndinapezako ndikunena mosakayika kuti sizinapite pachabe.

Amene akufuna kudzapitako adziwe kuti matikiti a tsikuli sagulitsidwa poyera. Bungwe la GAA, limene limayendetsa masewerowa, limawagawa kudzera m'makomiti a zigawo ndi m'makalabu, choncho yanga inabwera kudzera ku kalabu imene mwana wanga amasewerako, titachita maere. Poyamba njira imeneyi inkandikwiyitsa, koma tsopano ndikuiona kuti ndi yachilungamo, chifukwa mipando imapita kwa anthu amene amatchetcha udzu wa mabwalo a m'midzi ndi kuphunzitsa ana chaka chonse popanda malipiro.

Bwaloli limalowa anthu 82,300, komabe kuchokera pachipata, pomwe anaunika tikiti yanga pa foni, mpaka kukhala pampando sipanadutse nthawi yaitali, ndipo ogwira ntchito anandilondolera mwaulemu. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti ochemerera matimu awiriwa sawalekanitsa. Kumanja kwanga kunakhala agogo ena aamuna ochokera ku Donegal, ali ndi mdzukulu wawo ndi masangweji okulunga m'pepala, ndipo popeza mbali zonse ziwiri zimavala zobiriwira ndi zachikasu, ndinazindikira kuti ndife otsutsana Kerry itamwetsa pointi yoyamba, ine ndikudumpha iwo atagwira tsaya.

Kwa munthu amene anakulira mpira wamiyendo, mpando wa m'mbali mwa bwalo ndiwo wabwino, chifukwa malamulo amaoneka okha. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 15 ndipo amasewera mphindi 35 chigawo chilichonse. Wosewera amaloledwa kugwira mpira ndi manja, koma akayenda mapazi anayi ayenera kuunjanjitsa pansi kapena kuugwetsera paphazi n'kuubwezera m'manja. Mpira ukalowa muukonde ndi mapointi atatu, ukadutsa pamwamba pa mtanda pakati pa mitengo iwiri ndi pointi imodzi. M'chaka cha 2025 munalowa malamulo atsopano ochokera ku komiti yotsogozedwa ndi Jim Gavin, ndipo lalikulu ndi mzere wokhota umene uli pa mtunda wa mamita 40 kuchokera pagolo, pakuti womenya ali kunja kwa mzerewo akalondola amapeza mapointi awiri. Mzerewu ndinkauona bwino lomwe pamene ndinakhala, ndipo ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake anthu a ku Kerry satopa kutchula David Clifford. Nthawi ina anaulandira mpira atapanikizidwa, n'kutembenuka pang'ono chabe, n'kuumenya ndi mwendo wake wamanzere ali kutali, ndipo unakwera mosafulumira mpaka kudutsa pakati pa mitengo. Agogo aja anangopukusa mutu n'kuomba m'manja. Tsikulo Clifford anapeza mapointi 9, Joe O'Connor anamwetsa chigoli chakumapeto, ndipo Kerry inapambana 1-26 kwa 0-19, kutanthauza mapointi 29 kwa 19, n'kutenga chikhochi kachi 39.

Chikhocho amaperekera ku Hogan Stand, moyang'anizana ndi mpando wanga, choncho ndinaona Jarlath Burns, pulezidenti wa GAA, akuchipereka kwa kaputeni Gavin White, ngakhale kuti nkhope zawo ndinaziona bwino pa kanema wamkulu wa m'bwalomo. Agogo aja ndiwo anandikumbutsa kuti dzina la mbali imeneyo ndi la Michael Hogan, wosewera wa Tipperary amene anali mmodzi mwa anthu 14 ophedwa ndi asilikali ndi apolisi a boma la Britain pabwaloli pa 21 November 1920. Anandiuzanso monyadira kuti anyamata onse amene tinawaonerawo salandira malipiro a mpira, ambiri ndi aphunzitsi, ophunzira ndi ogwira ntchito zina, ndipo aliyense amasewerera chigawo cha kwawo.

Dandaulo langa lili kunja kwa bwalo. Nyumba ina yogona alendo, imene sinditchula dzina, inandilipiritsa mtengo wokwera kwambiri usiku wa Loweruka chifukwa cha masewerowa, koma chipinda chake chinali chopanda madzi otentha ndipo palibe amene anapepesa. Ulendo wina ndidzanyamuka mbandakucha pa sitima, ndidzatsikire pa siteshoni ya Heuston ku Dublin, ndipo ndidzabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ndikulangizanso kufika msanga, ola lathunthu masewero asanayambe nthawi ya 3:30 masana, kuti musaphonye gulu loimba la Artane likutsogolera matimu onse awiri kuzungulira bwalo, pakuti phokoso la anthu pa nthawi imeneyo limamveka mpaka m'chifuwa. Tikitiyi ndikuipatsa nyenyezi zisanu, ndipo dzina langa ndidzalilembetsanso pa maere a kalabu yathu.