Wilo la masipoko 36 ladutsa dzinja lonse la ku Harare

Wilo la kumbuyo la njinga yanga lomwe ndinamangitsa mvula isanayambe lafika pano osaduka sipoko ngakhale imodzi. Ndine munthu wa thupi, sikelo imapitirira makilogalamu 100, ndipo ndimapalasa tsiku ndi tsiku kuchokera ku Highfield kupita kuntchito ku Graniteside. Loweruka pa kaliyala pamakhala thumba la ufa lochokera ku Mbare Musika. Maenje a m'misewu yathu mukuwadziwa, mvula ikagwa amabisala m'madzi.

Wilo lakale linali la masipoko 32, ndipo ankaduka malo amodzimodzi, popindikira paja pafupi ndi habu, chitsulo cha pakati pa wilo. Anzanga ankangoti ndichepetse nsima. Koma bambo wina wachikulire wokonza njinga anagwira masipoko awiriawiri n'kumafinya ine ndikuona: ena anali gwa, ena akugwedera. Anati yokhwepayo ndiyo imayamba kuduka. Ikafika pansi kulemera kumaimasula, ikakwera imakokekanso, choncho popindikira paja chitsulo chimatopa pang'onopang'ono mpaka thyoo. Ukasintha imodzi yokhayo, zinzake zimatsatira chifukwa zinatopera limodzi.

Latsopanoli bambo omwewo anaika limu ya makoma awiri ndi masipoko 36 a zitsulo zosachita dzimbiri, a mamilimita 2, iliyonse yopingasa zinzake zitatu. Koma ine ndikuti chimene chalisunga ndi makungidwe ake. Anatenga masana onse, kukunga pang'ono, kufinya masipoko mwamphamvu kuti akhazikike, kukunganso. Kenako amawakhwatcha ndi chala ngati zingwe za gitala, kumvetsera ngati a mbali imodzi akulira mofanana. A mbali ya tcheni amalira mokweza chifukwa amakungidwa kwambiri kuposa a kumanzere, ndi mmene wilo la magiya limakhalira. Amene ali ndi kachipangizo koyezera amafuna mphamvu ya makilogalamu 100 mpaka 120 mbali imeneyo. Bambowa alibe, amadalira khutu.

Kodi zonse zili bwino? Ayi ndithu. Njinga yalemerako, pokwera mtunda ndimamva. Ndalama ya wilo limodzili ndikanagulira awiri omangidwa kale. Ndinabwererakonso kamodzi nditagwera m'dzenje usiku, limu itayamba kukhudza labala ya buleki mbali imodzi. Anangopotoza timanati tiwiri pang'ono, basi, sanalipiritse.

Lakutsogolo ndalisiya la 32 lomwe lija, katundu wambiri sakhala kumeneko. Chimene chandivutitsa miyezi imeneyi ndi tayala la kumbuyo, latha msanga moti mwezi wamawa ndigula lina lokulirapo.