Euphonium ndi baritone: musanyengeke ndi dzina

Bandi ya malipenga ikamadutsa, kaya ya apolisi kaya ya Salvation Army, oonerera akaona malipenga awiri otchedwa euphonium ndi baritone amangoti ndi timatuba tating'ono (tuba ndi lipenga lalikulu lija la mawu a besi). Nafenso oliza timasokonezeka. Zonse zili mu kiyi ya B flat, paipi yake mutaiwongola ndi mamita pafupifupi 2.7, ndipo zala zimadina mavalavu (mabatani osinthira mawu) mofanana. Wodziwa imodzi akhoza kunyamula inayo tsiku lomwelo.

Kusiyana kuli m'kakulidwe ka paipi. Ya euphonium imayamba kufutukuka msanga, n'kumakulirakulira ngati nyanga ya ng'ombe mpaka kukamwa kwake kwakukulu kuja. N'chifukwa chake mawu ake ndi onenepa, ofewa, odzaza tchalitchi. Dzinalo linachokera ku Chigiriki, kutanthauza mawu okoma. Ya baritone ndi yowonda, imayenda mtunda wautali isanatukuke, choncho mawu ake ndi opepuka, owala, oyandikira kwa trombone, lipenga lokoka ndi kukankha lija. Baritone ndi ya m'banja la malipenga otchedwa saxhorn, omwe anawapanga Adolphe Sax wa ku Belgium.

Ngati mukugula ya kaunjika, solorani paipi yochunira mawu ija, muitembenuze, muyese kuibwezera. Ikalowa mbali zonse, nthawi zambiri ndi baritone. Ikakana chifukwa mwendo wina ndi waukulu, ndi euphonium. Zolemba pa bokosi musazidalire, poti ku America amatchula baritone ngakhale ma euphonium ang'onoang'ono oloza kukamwa kutsogolo.

Baritone nthawi zambiri imakhala ndi mavalavu atatu, euphonium anayi. Pa zodula, yachinayiyo imakhala pambali, yodina ndi dzanja lamanzere, ndipo imathandiza kutsika pansi mawu osaphonya. Koma kulemera kwa euphonium! Paperete dzuwa lili pamutu, mkono umachita dzanzi.

Mu bandi ya dongosolo la ku Britain mumakhala ziwiri za mtundu uliwonse, zonse zowerenga manotsi a treble clef, kalembedwe ka mawu apamwamba. Euphonium ndiye amapatsidwa nyimbo yokoma ija yoliza anthu pamaliro. Baritone amakhala pakati, kumata mpata wa tenor horn (lipenga locheperako) ndi trombone, ndipo sayamikiridwa kawirikawiri ngakhale akajomba bandi imamveka mbee.

Mwana wa zaka 10 ine ndingamuyambitse baritone, chifukwa sifuna mpweya wambiri ndipo manja amaikwanira. Wamkulu wa chifuwa chabwino wofuna kuliza yekha patsogolo, asunge ndalama agule euphonium ya mavalavu anayi, olo Yamaha YEP-321 yakale.