Kosi ya kalembedwe ka malipoti: zomwe zagwira ntchito patapita miyezi

Nditangomaliza kosi yamadzulo ya kalembedwe ka malipoti a zaumisiri ndi makalata a bizinesi pa koleji ina muno mu Lusaka, ndinalemba mwachidule kuti aphunzitsi anali odziwa ntchito yawo, kuti kalasi inali yodzaza kwambiri, ndiponso kuti amene angakwanitse kulipira apite ndithu. Papita miyezi yambiri tsopano, mvula yagwa mpaka yakata, ndipo anzanga a ku Chipata ndi ku Katete amene tili nawo m'tauni muno akhala akundifunsa ngati maganizo anga akadali omwewo. Sanasinthe. Kungoti lero ndikutha kusiyanitsa zimene ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi zimene zinatsalira m'kope.

Ndimagwira ntchito pa kampani yaing'ono yokumba mijigo ndi kuika mapampu a sola. Timazungulira ku Chongwe, ku Chilanga, ku Kafue ndi m'makomboni a Lusaka. Chiyambire chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambirimbiri patsiku, ofuna sola achuluka, ndipo mapepala nawo achuluka: kotesheni, lipoti la kukumba, zotsatira zoyesa madzi, kalata yokumbutsa ngongole. M'makoleji ambiri phunziro la Communication Skills limabwera chaka choyamba, munthu usanagwire n'komwe ntchito yoti n'kuilembera lipoti. N'chifukwa chake limangolowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ukabwereranso m'kalasi uli ndi malipoti akoako m'chikwama, zimene akuphunzitsa zimapeza pokhala.

Chimene chandipindulira koposa ndi chizolowezi chimodzi cha aphunzitsi athu. Asanawerenge pepala la munthu, ankayamba afunsa kuti walembera ndani, ndipo munthuyo akamaliza kuwerenga akufunika achite chiyani. Malipoti ambiri a mijigo amalembedwa motsata mmene ntchito inayendera: tinafika tsiku lakuti, tinayamba kukumba, tinakumana ndi mwala, makina anavuta, kenaka patsamba lachinayi m'pamene madzi akutchulidwa. Koma mwini famu amene walipira ndalama zake ali ndi mafunso ochepa chabe. Madzi apezeka? Ndi ochuluka bwanji? Ndigule pampu yotani, ndipo zitenga ndalama zingati? Masiku ano mayankho a zonsezi ndimaika patsamba loyamba: kuya kwa mjigo, pamene madzi amaima pampu isanayatsidwe, pamene amatsikira tikamapopa, ndi kuya koyenera kuikapo pampu. Mbiri ya ntchito imapita kumbuyo kwa amene akuifuna.

Pa manambala ndiye pandisinthira zambiri. Ife amisiri timayesa madzi m'malita pa sekondi, ndipo tikalemba kuti mjigo ukutulutsa theka la lita pa sekondi timaona ngati tafotokoza zonse. Mwini wake amagwa mphwayi, chifukwa theka la lita ndi madzi osadzaza n'komwe jagi. Tsopano ndimawonjezera mzere umodzi wonena kuti amenewa ndi malita 1,800 pa ola, ndipo thanki ya malita 5,000 idzadzaza pasanathe maola atatu. Nambala ndi yomweyo, koma munthu akutha kuona ngati madziwo akwanira dimba ndi nkhuku zake, komanso akumvetsa chifukwa chake sitikumugulitsa pampu yaikulu imene ingaumitse mjigo.

Lipoti la ukhondo wa madzi ndilo limandikhudza mtima kwambiri. Mbali yaikulu ya Lusaka ili pamiyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo m'madera ngati Kanyama madzi apansi ali pafupi kwambiri, moti zonyansa za m'zimbudzi zokumba sizichedwa kuwalowa. Tonse tikukumbukira kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ya 2023 mpaka 2024 pamene National Heroes Stadium inasanduka chipatala. Pepala lochokera ku labu limabwera ndi mizere ya manambala, ndipo muyeso wa madzi akumwa ndi wakuti m'mamililita 100 musapezeke kachilombo ka E. coli, kamene kamachokera m'chimbudzi, ngakhale kamodzi. Kungomata pepalalo kumbuyo kwa lipoti si kuchenjeza munthu. Pa kosi anatiumiriza kulekanitsa zinthu zitatu, zimene tapeza, tanthauzo lake, ndi choyenera kuchita, ndiponso kusabisala m'mawu ozungulira. Ngati madzi ndi oipa ndimalemba pamwamba penipeni kuti asamwedwe osathira klorini kapena osawiritsa. Abwana poyamba ankaopa kuti makasitomala akhumudwa. Ena amakhumudwadi, koma kuli bwino akwiye ali moyo ndi ana awo.

Zonsezi zinakhazikika chifukwa cha cholembera chofiira. Unkalemba, aphunzitsi n'kuchonga, iwe n'kulembanso pepala lomwelo. Vuto linali kuchuluka kwathu: ntchito inkabwerera mochedwa, ndipo chakumapeto anayamba kutiika m'magulu. Lipoti la gulu limalembedwa ndi munthu mmodzi, enawo amangosaina. Pamenepo palibe amene ndinamuona akuphunzira kulemba.

Zimene zinatsalira m'kope ndi zojambula za wotumiza uthenga ndi wolandira, mitundu ya memo, ndi masabata amene tinathera pa kaikidwe ka adiresi ndi deti pakalata. Zimenezo tsiku limodzi likanakwana. Imelo anangoikhudza pang'ono, pomwe WhatsApp sanaitchule n'komwe, chonsecho malonda ambiri a mu Lusaka amamangidwira pamenepo. Kasitomala akaimba foni n'kusintha kukula kwa thanki, uthenga umene umamutumizira pambuyo pake wotsimikiza mtengo watsopano ndi tsiku ndiwo umboni wokhawo mukadzasemphana. Kalembedwe ka uthenga wotere ndi ntchito yeniyeni, ndipo kakufunika malo ake m'kalasi. Za mapulogalamu a AI aphunzitsi ananena zanzeru, kuti akhoza kukuwongolera Chingelezi koma sanapiteko kumjigo, ndiye nambala iliyonse uitsimikize wekha.

Chosowa chachikulu chinali matenda a boma, ndikunena mapepala opikisanira ntchito. Zitsanzo zambiri zinkachokera m'mabuku akunja, za mafakitale amene sitidzawaonako. Koma ambiri m'kalasimo tinali ochokera m'makampani ang'onoang'ono amene maso awo ali pa ntchito za makhonsolo, makamaka chikwerere ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse mu 2022. Kugula kwa boma kumayendera lamulo la Public Procurement Act la 2020 ndi makina a pa intaneti a e-GP a ZPPA, bungwe loyang'anira kugula kwa boma. Kumeneko tenda imagwa isanawerengedwe ngati pasowa satifiketi ya PACRA yosonyeza kuti kampani inalembetsedwa, pepala la ZRA losonyeza kuti msonkho uli bwino, kapena la NAPSA la za penshoni ya antchito, ndipo kwa ife okumba mijigo pali laisensi ya WARMA (bungwe loyang'anira madzi), imene malamulo a 2018 anakhazikitsa. Chingelezi chako chikome bwanji, woyesa amayamba wachonga mapepala amenewa. Ndinaphunzira kwa amayi ena achikulire a mu ofesi mwathu kuika kutsogolo tebulo losonyeza chofunika chilichonse ndi tsamba limene chikupezeka. Ndi mfundo yomwe ija yoganizira wowerenga, ndipo zikanakhala bwino koleji ikanatipatsa chikalata chenicheni cha tenda kuti tichiyankhe m'kalasi.

Chinanso ndi chilankhulo. Kosi yonse inali m'Chingelezi, ndipo m'pomveka, poti ndicho chilankhulo cha boma ndi cha makontrakiti. Koma amene amayatsa pampu m'mawa si bwana wosaina cheke. Ndi alonda, kapena amayi a m'komiti ya madzi, ndipo ambiri amawerenga bwino Chinyanja. Malamulo olembera malangizo amene tinaphunzira amagwira ntchito chimodzimodzi m'chilankhulo chathu: chochita chimodzi pamzere umodzi, chenjezo libwere patsogolo pa chochitacho, ndipo chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tsopano pa ntchito iliyonse ndimasiya tsamba limodzi lokutidwa ndi pulasitiki pakhoma la kanyumba ka pampu, lonena nthawi yopukuta mapanelo, chochita nyali yofiira ikayaka, ndi waya umene sayenera kuukhudza. Ndisanalimate ndimapempha kuti, "Amdala, tawerengani apa, muchite zimene palembedwa ine ndikuona." Pamene adodoma, ndimadziwa kuti mzere umenewo ndi wofunika kulembanso. Mafoni odandaula za zinthu zazing'ono achepa, ndipo anthuwo amasamala pampu ngati yawo. Ndimalakalaka aphunzitsi a kalembedwe m'makoleji athu atamapereka ntchito imodzi yokha yotere, m'Chinyanja, m'Chibemba kapena m'Chitonga, malinga ndi kumene wophunzira akagwire ntchito.

Kosiyi imayenera munthu amene ali kale pantchito, wokonzeka kubwera ndi lipoti lake lakale kuti aling'ambe pamaso pa anzake. Musanalipire, onani ngati kolejiyo ndi yolembetsedwa ku TEVETA kapena ku Higher Education Authority, mabungwe a boma oyang'anira makoleji. Kenaka funsani kuti m'kalasi mumakhala anthu angati, ndipo ndi mapepala angati amene mudzalembe panokha, aphunzitsi n'kuchonga, inu n'kulembanso. Akakuyankhani kuti ntchito zonse ndi zamagulu ndipo mayeso ndi a kumapeto okha, sungani ndalama yanu mukafunse kwina.