Pulogalamu ya Amanpour pa CNN, mmene ndimayionera ine

Dishi kunyumba tinaika chifukwa cha mpira, zisabisike. Koma bambo anga akabwera kudzacheza rimoti imakhala yawo ndipo ikangokwana nthawi ya nsima madzulo amaika CNN kudikira "mayi wa mafunso uja", ndimomwe amawatchulira a Christiane Amanpour. Poyamba ndinkangokhala nawo poopa kuoneka wamwano, pano atabwerera kumudzi ndimapezeka ndayika ndekha.

Pulogalamuyo ndi ya ola limodzi, mkati mwa sabata, mayiwa amakhala pa desiki ku London nkumafunsa mapulezidenti, nduna, olemba mabuku, nthawi zina azisudzo. Zongowerenga nkhani zija ayi, apa ndi mafunso basi. Ndiye chomwe chimandikoka nchoti mayiwa sanangotulukira pa mpando, anayambira pansi penipeni. Anabadwira ku London mu 1958, nkukulira ku Tehran poti bambo awo anali a ku Iran, analowa CNN mu 1983 ku Atlanta ngati wothandizira pa desiki ya nkhani zakunja, nthawi imeneyo CNN yake ili ndi zaka zitatu zokha. Kenako nkhondo ya ku Gulf, kenako Bosnia, kukhala mu Sarajevo mabomba akugwa. Ndiye nduna ikayamba kuzungulira ngati njinga ya kabaza yosochera amangoyidula nkunena kuti ine ndinaliko, ndinaona ndi maso anga, yankhani funso. Wina wongokulira mu situdiyo sangayankhule choncho.

Ndinakafufuza ma kilipu akale pa YouTube, eee muli zinthu. Mu 1994 ali ku Sarajevo anafunsa Bill Clinton pa laivi za kusinthasintha kwa America pa nkhani ya Bosnia, mkuluyo nkhope inachita kusintha. Mu 2002 Yasser Arafat, mtsogoleri wa Palestina nthawi imeneyo, anawauza mayiwa kuti akhale chete nkudula foni. Ya a Robert Mugabe ya 2009 ndinayionera kawiri, anawapanikiza za minda ya azungu ndi chuma cha Zimbabwe, madala aja osagonja ata, nawonso mayi osabwerera m'mbuyo, bambo anga imeneyi anaikonda kwambiri poti anagwirako ntchito ku Bulawayo unyamata wawo. Koma imene sindiiwala ndi ya Seputembala 2022 ku New York, Ebrahim Raisi, pulezidenti wa ku Iran nthawi imeneyo, anatumiza munthu kuti mayiwa avale mpango kumutu kaye, iwo nkukana poti kumeneko si ku Iran, intaviyu inathera pomwepo. Anangotulutsa chithunzi atakhala moyang'anana ndi mpando wopanda munthu, masiku omwewo ku Iran anthu ali mu msewu chifukwa cha imfa ya Mahsa Amini, mtsikana amene anafera m'manja mwa apolisi atamugwira pa nkhani ya mpango wa kumutu.

Zondinyasa zilipo, musaone ngati ndalipidwa. Amadula mawu alendo mopyola nthawi zina, munthu asanamalize nkomwe mfundo funso lina lafika kale, makamaka ngati mlendoyo chizungu chikumuvuta umachita kumumvera chisoni. Komanso mbali yomaliza ya ola lija nthawi zambiri imapita kwa anzawo a ku America, a Walter Isaacson kaya a Michel Martin, poti pulogalamu yomweyo imaonetsedwanso pa PBS, kanema wa ku America, kuyambira 2018, ndiye nkhani zimasanduka za ku America kokhakokha, ine apo ndimadzuka kukatsuka mbale. Africa imalowa mwa apo ndi apo, kukakhala nkhondo kapena chisankho chachikulu. Ndipo masiku ena umakonzeka bwinobwino nkupeza pa mpando pakhala wina poti eni ake ali ku ulendo, nyama yake siikhala yomweyo.

Chizungu chawo ndi chomveka, sathamanga ngati ena aja, mwana wanga wa Fomu 3 amatolapo mawu a dibeti. Nthawi yokha ndiye muzisamala, azungu akasintha mawotchi awo pulogalamu imasuntha ndi ola lathunthu kwathu kuno, ine ndinaphonyapo sabata yonse ndikuganiza kuti anaichotsa. Magetsi akathima ndimangosaka ma kilipu pa foni mawa lake, bando ya 1GB imakwana bola osaiwala kutsitsa kwalite ya vidiyo.