Zipangizo za wailesi yanga patatha miyezi 8: ma IRF510 aja anandidyetsa njomba

Dzulo mnzanga wa ku Luwinga wandifunsa pa WhatsApp ngati angagule kwa mnyamata wina amene amaoda zipangizo za wailesi ku Dar es Salaam. Nditayamba kumuyankha ndinaona kuti nkhani yatalika, ndiye ndangoti ndilembe pano.

Ndinagula kwa iyeyo mu Okutobala: ma resistor, ma capacitor, ma toroid (timphete tokulungapo waya) ofiira a T50-2 ndi ma FT37-43, kabolodi ka Si5351 kopanga frequency, Arduino Nano, ma LM386 okweza mawu ndi ma IRF510 khumi, ma transistor a mtundu wa MOSFET owonjezera mphamvu potumiza. Laisensi ya MACRA ndinali nayo kale, chinatsala ndi wailesi yodzipangira ndekha yolandira ndi kutumiza pa bandi ya 40 mita (7 MHz), ya mawati 5, yoyendera batire ya 12V kuti magetsi akathima ndisamangokhala.

Ma resistor ndi ma capacitor ndinawayeza, ali bwino. Si5351 sinandisunthirepo frequency, ngakhale m'mawa wozizira wa Juni uno. LM386 imalira phokoso lake lija, koma ndi mmene inabadwira.

Mutu unandiwawa ndi IRF510. Mbali yolandira inagwira tsiku loyamba, ndinkamva anthu a ku South Africa madzulo pa 7 MHz bwinobwino. Koma ndikati nditumize, pa dummy load ya 50 ohm (resistor yoyesera m'malo mwa mlongoti) pankatuluka wati imodzi yokha, transistor yoyendetsa IRF510, ka 2N2222, ikutentha ngati mbaula. Ndinayamba kudzikayikira. Ndinamasula waya wa pa toroid n'kukulunganso katatu konse, mpaka zala zinatupa. Ndinasintha bias (voteji) ya pa gate, mwendo wolamulira IRF510, osathandiza. Ndinafika pokwera mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba mvula ikuwaza, kukadula mlongoti wanga wa waya (dipole), mamita 10 mbali iliyonse, chonsecho vuto linkaoneka ngakhale pa dummy load pomwe mlongoti sukhudzidwa. Munthu ukasokonezeka umachita zopanda mutu. Mayi a kunyumba ankangondiyang'ana pawindo, osanena kanthu, ndipo kusanenako kunandiwawa kuposa mawu.

Ndinasintha IRF510 yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zonse chimodzimodzi. Mu Febuluwale ndi pomwe mkulu wina wokonza ma TV kumsika anandibwereka katesita kake. IRF510 yeniyeni imakhala ndi capacitance ya pafupifupi 180 pF pa gate. Zanga zinkawerenga kupitirira 1000 pF. Mkuluyo anatenga thonje ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, kupukuta kamodzi, zilembo zonse zinachoka. Ndi ma MOSFET ena akuluakulu, oyenera mu inverter, angowalemba dzina lina. Pa DC amagwira ntchito, n'chifukwa chake multimeter sinandiuze kanthu, koma pa 7 MHz gate yolemera choncho simungaikankhe ndi ka 2N2222.

Ziwiri zenizeni anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg. Nditaikapo imodzi, osasintha china chilichonse, mawati 5 anatuluka. Usiku womwewo ndinaitana pa CW (Morse code), wina anayankha. Anthu akunja akamva 7Q, chiyambi cha call sign ya ku Malawi, amathamangira, chifukwa a Malawi pa mphepo ndife ochepa. Usiku umenewo ndikanalemba ndemanga iyi ndikanakhululuka zonse.

Koma m'mawa ndinakumbukira ndalama. Ndinamuimbira mnyamata uja. Poyamba anati, "Achimwene, mwaziwotcha nokha ndi ayironi." Ndinamutumizira chithunzi cha tesita ndi cha thonje lakuda bii. Anakhala chete masabata awiri, uthenga akuwerenga. Kenako anati nayenso anapusitsidwa ndi amene amamugulitsa katunduyo, ndipo izi ndikukhulupirira, chifukwa sadziwa kusiyana kwa MOSFET ndi regulator. Anandibwezera theka la ndalama ya ma IRF510 pa Mpamba, theka linalo akuti adzandipatsa katundu ulendo wina. Ulendowo sunafikebe, akuti ndalama zakunja zikuvuta, mitengo yake yakweranso kawiri chigulireni ine.

Ndiye kwa mnzanga wa ku Luwinga: ma resistor, ma toroid ndi ma bolodi gulani, kuno ku Mzuzu simungawapeze motchipa kuposa apo. Transistor iliyonse ya RF (ya mafunde a wailesi) musalipire musanaiyeze pamaso pake, katesita kali kwa mkulu uja kumsika. Ma IRF510 abodza asanu ndi awiri otsala ali m'chitini cha mkaka, amene akukonza inverter abwere atenge. Theka langa ndikulidikirabe, ndipo Loweruka ndimuimbiranso.