Ndemanga: Howa 1500 ngati maziko a mfuti yowombera chandamale, patatha zaka ziwiri

Ndakhala ndi mfuti ya Howa 1500 ya zipolopolo za 6.5 Creedmoor kwa zaka ziwiri tsopano, ndipo ndimawombera nayo chandamale pafupifupi Loweruka lililonse pabwalo la kalabu yathu kunja kwa mzinda wa Pretoria. Sindinaigule kuti ikhale mmene inatulukira kufakitale. Ndinkafuna maziko oti ndizimangapo pang'onopang'ono malinga ndi mmene m'thumba mwalolera, choncho ndikuiweruza ngati maziko basi.

Mfuti zitatu ndizo zinandisowetsa tulo ndisanasankhe: Remington 700, Tikka T3x ndi Howa 1500. Zonsezi ndi za bolt, kutanthauza kuti mukawombera mumatukula chogwirira, kukokera m'mbuyo kuti khoko la chipolopolo lituluke, kenaka n'kukankhira kutsogolo kuti china chilowe. Remington 700, yomwe inatuluka mu 1962, ilibe inzake pa kuchuluka kwa zipangizo zosinthira, moti chilichonse chimene munthu angachiganize wina anachipanga kale. Tikka, yopangidwa ndi kampani ya Sako ku Riihimäki m'dziko la Finland, bolt yake imayenda myaa, ndipo aliyense amene waigwira kamodzi amaisirira. Komabe ndinatsamira ku Howa ya ku Japan pa chifukwa chimodzi chachikulu: imagulitsidwanso ngati barreled action, ndiye kuti thupi lachitsulo, bolt, trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ndi mpope wodutsamo chipolopolo zokha, popanda stock, mbali imene mumagwira n'kutsamiritsa paphewa. Sindinaone nzeru yolipirira stock imene ndikanaivula tsiku lomwelo n'kukaiponya pamwamba pa wadiropu.

Pali nkhani ya malamulo imene ogula ambiri atsopano saiganizira, koma kwa ine ndiyo inalamula zonse. Kuno ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limawerenga mpope pawokha ngati mfuti, chimodzimodzinso thupi lake. Stock, scope (galasi loyang'anira chandamale) ngakhale trigger mukhoza kusintha madzulo amodzi patebulo la kunyumba, koma kusintha mpope kumafuna mmisiri wa mfuti wovomerezeka ndi chilolezo cha apolisi, ndipo kudikira kwake si kwa masiku awiri ayi. Kwa ife obwera, ngakhale setifiketi ya competency, yotsimikizira kuti munthu ndi woyenera kukhala ndi mfuti, imene imafunika musanapemphe laisensi imaperekedwa kwa nzika kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Munthu amene wadutsa m'mizere yonseyo safuna kubwererakonso chaka chamawa chifukwa choti anasankha mpope wolakwika. N'chifukwa chake ndinatenga mpope wonenepa wa mainchesi 24 kuyambira pachiyambi, osati wowonda wa alenje umene umatentha msanga mukawombera zipolopolo zisanu motsatizana.

Chimene ndachikonda kwambiri pa Howa chili kunsi, kumene diso silifika. Pansi pa thupi lake ndi pafulati, ndipo recoil lug, kachitsulo kamene kamalandira mphamvu yonse ya kugunda kwa mfuti n'kuipereka ku stock, n'kosulidwa limodzi ndi thupilo. Pa Remington 700 thupi ndi lobulungira ndipo kachitsuloko n'kapadera, kopanikizidwa pakati pa mpope ndi thupi. Njira ziwirizi zonse zimagwira ntchito, koma nditakhazika Howa yanga mu chassis, yomwe ndi stock ya aluminiyamu, inangokhala phee, osafuna kumata kapena kupala chilichonse. Chassis imeneyi imalandira magazini a mtundu wa AICS, ndipo pamwamba ndinamangapo njanji ya Picatinny yomangirapo scope, yopendekeka ndi 20 MOA (MOA ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri) kuti scope isathe malire pamene ndikuwombera patali. Amene akufufuza zipangizo adziwenso kuti Weatherby Vanguard imapangidwa ndi Howa yomweyo pa thupi lofanana, choncho stock zambiri zolembedwa dzina la imodzi zimakwananso inzakeyo.

Za kulondola kwake ndinene zimene ndaona papepala langa. Pa mamita 100, ndi zipolopolo zabwino zolemera 140 grain, zisanu zimalowa m'kadera kamene ndalama yachitsulo ya R5 imakaphimba, ndipo tsiku limene manja anga ali bwino mabowo atatu amakhudzana. Zimenezi zili mkati mwa MOA imodzi, yomwe pa mtunda umenewu ndi mamilimita pafupifupi 29. Mizere ya m'kati mwa mpope imazungulira kamodzi pa mainchesi 8 aliwonse, zomwe zimakwanira kukhazikitsa zipolopolo zazitali zotere. Pa mamita 600 mbale yachitsulo imalira ngwee kawirikawiri, ndipo ndikaphonya mlandu umakhala wa mphepo ya mu Ogasiti ndi ine amene ndalephera kuiwerenga.

Sikuti zonse zinayenda bwino kuyambira tsiku loyamba. Mwezi wachiwiri zipolopolo zinayamba kumwazikana, china kumwamba china kumanzere, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kunena kuti ndagula mphaka m'thumba. Bambo wina wachikulire wa pakalabu, amene wakhala akuwombera kuyambira ine ndisanabadwe, anaima kumbuyo kwanga osayankhula mpaka nditamaliza magazini. Kenaka anapempha mfutiyo, anachotsa bolt, anatembenuza mfutiyo chagada n'kuika sipanala yake yoyezera mphamvu pa sikuluwu yakutsogolo mwa ziwiri zimene zimamangirira thupi la mfuti ku chassis. Inazungulira pafupifupi theka isanagwire. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kufunsa ngati ndinamanga ndi dzanja lokha, ndipo ndinavomera mwamanyazi. Atamanga zonse ziwiri molingana ndi muyezo wa opanga chassis, mabowo anabwerera pamalo amodzi masana omwewo. Sipanala yotereyo ndinakagula yanga Lolemba lake.

Trigger yake, imene amaitcha HACT, ndi ya magawo awiri: chala chimayenda pang'ono mopepuka, chimafika pamene pali ngati khoma, ndipo mukawonjezera mphamvu mfuti imalira. Kwa mlenje ndi yabwino kwambiri, ndipo ine ndawombera nayo chaka chathunthu osadandaula. Koma amene akufuna trigger yopepuka zedi ya mipikisano adziwe kuti za Howa zosinthira zilipo zochepa poyerekeza ndi mulu umene ulipo wa Remington 700. Safety yake, loko woteteza kuti mfuti isalire mwangozi, ili ndi malo atatu, ndipo apakatiwo amalola kutsegula bolt n'kutulutsa chipolopolo trigger ili yotsekedwa, chinthu chimene ndimachiyamikira nthawi iliyonse woyang'anira bwalo akalamula kuti tonse titsitse mfuti.

Bolt ili ndi mano awiri otsekera, ndipo chogwirira chimatukuka madigiri 90. Apa m'pamene Tikka, imene imatukuka pang'ono chabe, imaiposa poyera. Ndinagula mphete zazifupi zomangira scope poganiza kuti diso likhale pafupi ndi mpope, koma chala changa chachikulu chinkakhulika pa scope nthawi zonse ndikamatsegula mofulumira, mpaka ndinagula zina zazitaliko. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndikanayeza ndisanalipire. Ili yatsopano bolt inkamveka yolimbirako potukula, koma patapita zipolopolo mazana angapo ndi kupaka girisi pang'ono kumbuyo kwa manowo inafewa, ngakhale kuti mpaka lero siifika pa kusalala kwa Tikka ya mnzanga amene timagona moyandikana pamzere wowomberapo.

Chinthu china choyenera kuchidziwiratu n'chakuti mazinga amene mpope umalowera m'thupi la Howa ndi a muyezo wa mamilimita, osati wa mainchesi monga zilili pa mfuti zambiri za ku America. Mmisiri amene adzandiikire mpope watsopano ndinamufunsiratu, ndipo anati makina ake amadula mazinga oterowo popanda vuto, koma anandichenjeza kuti mpope wa kufakitale umakhala womangidwa zolimba kwambiri ndipo kuumasula kumafuna zida zoyenera ndi kuleza mtima. Mipope yokonzeratu yongobwera n'kumanga iliponso yochepa kusiyana ndi ya Tikka kapena Remington.

Ndikanakhala kuti cholinga changa ndi kusintha chilichonse mpaka kutsala thupi lokha, ndikanatenga ya mtundu wa Remington 700, pakuti kumeneko ndiko kuli msika wonse. Koma kwa munthu amene akufuna mpope woti awombere nawo zaka zingapo osaukhudza, kwinaku ndalama zotsalazo akuziika pa scope yabwino ndi zipolopolo zoyeserera, Howa 1500 ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha bolt yotukuka kwambiri ndi kuchepa kwa ma trigger osinthira. Pakadali pano buku langa likuonetsa kuti mpopewu wadutsamo zipolopolo zoposa 1,400, ndipo mapepala opempha watsopano sindinayambe n'komwe kuwalemba.